MSUZI SI NSOMBA: USIPA UFIKE M'PHALA LA MWANA

Wolemba: Mlangizi wa za usodzi, Mayani, Dedza

Asodzi, amayi a m'madoko ndi inu nonse a makomiti a BVC, nkhani ino ndikuilemba ndili kutali ndi nyanja. Ndili ku Mayani, m'dera la mfumu yaikulu Tambala, kumapiri a boma la Dedza, komwe ndimayendera alimi a nsomba za m'madamu. Kuno kulibe bwato ngakhale chilimira, ndipo mu Juni ndi Julaye kumazizira kwambiri moti nsomba za m'madamu zimachedwa kukula. Koma tsiku la msika mukafika pogulitsira ndiwo mudzapeza timilu ta usipa ndi utaka titayalidwa, nsomba zomwe zinadutsa m'manja mwanu kumadoko. Kwa mabanja ambiri a kuno, ndiwo za nyama zomwe angathe kugula kawirikawiri ndi timilu timeneti basi.

Tsiku lina, nditatha kuyendera damu la kalabu ina, ndinapuma pakhomo pomwe ndinapeza mayi atafungata mwana wa chaka ndi miyezi itatu. Masaya a mwanayo anali ofufuma, mapazi otupa, tsitsi lofiirira ndi lopyapyala, ndipo sankafuna n'kusewera komwe. Oyandikana nawo ena ankati mwana wanenepa. Agogo ake ankati ndi tsempho. Ndinafunsa zomwe amadya. Mayiyo anati m'mawa phala la ufa woyera lothira mchere, masana ndi madzulo nsima. Ndinafunsanso ngati pakhomopo amagula usipa. Anati inde, pafupifupi sabata iliyonse.

"Nanga mwanayu amadyako, mayi?"

"Iyayi alangizi, ameneyu timangomunyowetsera nsima mumsuzi. Minga ingamulase pakhosi."

Mawu amenewa sanali achilendo kwa ine. Ndinawamva kambirimbiri pomwe ndinkagwira ntchito kunyanja, m'makomo momwe thandala lodzaza usipa lili pabwalo pomwepo. Mwana uja tinathandizana ndi mlangizi wa zaumoyo kuti apite kuchipatala. Anagonekedwa ndipo anachira. Koma sankayenera kufika pamenepo, chifukwa chakudya chomwe thupi lake linkasowa chinkalowa m'nyumbamo sabata ndi sabata, n'kumathera m'mbale ya akuluakulu.

Vutoli si la kumtunda kokha

Kafukufuku wa zaumoyo yemwe ofesi ya National Statistical Office inachita mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'Malawi muno, ana 37 anali opinimbira. Mu 2010 anali 47. Zinthu zinasinthako ndithu, komabe mwana mmodzi mwa ana atatu ndi chiwerengero chachikulu. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti mwa ana 100 a miyezi 6 mpaka 23, ana 8 okha ndi omwe ankalandira chakudya chamagulu okwanira komanso kangapo pa tsiku monga momwe zimafunikira.

Chodabwitsa n'chakuti maboma a Dedza ndi Mangochi onse anali ndi ana opinimbira oposa 40 pa 100. Dedza ndi nkhokwe ya nyemba, soya, mtedza ndi mbatata. Mangochi ndi kuchimake kwa nsomba. Izi zikutiuza kuti kukhala ndi chakudya pakhomo ndi nkhani ina, ndipo kuti chakudyacho chilowe m'mimba mwa mwana wamng'ono ndi nkhani inanso.

Kodi zomanga thupi n'chiyani?

A zaumoyo amatiphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa monga nsima, mpunga ndi chinangwa; zochokera ku nyama monga nsomba, mazira, mkaka ndi ngumbi; zanyemba monga soya, mtedza, khobwe ndi nandolo; ndiwo zamasamba; zipatso; ndi mafuta. Gulu lililonse lili ndi ntchito yake. Zomanga thupi, zomwe ena amati mapuloteni, zimapezeka kwambiri m'magulu awiri: zochokera ku nyama ndi zanyemba.

Taganizirani za boti. Petulo amayendetsa injini, koma simungakhome boti ndi petulo. Pamafunika matabwa ndi misomali. Nsima ili ngati petulo, imapereka mphamvu. Zomanga thupi ndi matabwa ndi misomali: ndizo zimapanga mnofu, magazi, khungu, tsitsi, ubongo ndiponso chitetezo cholimbana ndi matenda. Munthu wamkulu ndi boti lomwe linakhomedwa kale, limangofunika kukonzakonza. Mwana ndi boti lomwe lili m'kati mokhomedwa. Mwana wathanzi akamakwanitsa chaka chimodzi amalemera pafupifupi katatu kuposa m'mene anabadwira. Matabwa akasowa pa nthawi imeneyi, ntchito imaima, ndipo n'kovuta kudzabwezera pambuyo pake.

N'chifukwa chake kuyambira mu 2011 Boma lakhala likulimbikitsa za masiku 1,000 oyamba, kuchokera pomwe mayi watenga pathupi kufikira mwana atakwanitsa zaka 2. Akuluakulu anati mmera mpoyamba.

Njira zitatu zomwe vutoli limaonekera

Njira yoyamba ndi kupinimbira. Mwana sadwala moonekera, amasewera, koma ndi wamfupi poyerekeza ndi zaka zake. Makolo amati anatengera agogo ake. Vutoli limabwera pang'onopang'ono, ndipo limakhudzanso nzeru za mwana akadzayamba sukulu. Zotsatira za kafukufuku yemwe anachitika pa ana oposa 300 a m'midzi ya kuno ku Malawi, zomwe zinatuluka mu 2016, zinaonetsa kuti m'magazi a ana opinimbira munali mochepa tizigawo tofunika ta zomanga thupi poyerekeza ndi ana okula bwino.

Njira yachiwiri ndi kunyentchera. Mwana amauma, nthiti zimawerengeka, khungu la m'matako limakwinyika, nkhope imaoneka ngati ya munthu wokalamba. Apa thupi lasowa zonse, zopatsa mphamvu ndi zomanga thupi zomwe.

Njira yachitatu ndi kutupikana, monga mwana wa ku Mayani uja. Madokotala amati kwashiorkor. Matendawa anawafotokoza bwino koyamba ndi dokotala wachizimayi wochokera ku Jamaica, Cicely Williams, mu 1933, pomwe ankagwira ntchito ku Accra m'dziko lomwe lero ndi Ghana. Anaona kuti amagwira ana omwe asiya kuyamwa n'kumangodya phala la chimanga. Dzinali analitenga m'chiyankhulo cha Chiga cha anthu akumeneko, ndipo limanena za matenda omwe mwana amadwala akapondedwa ndi mng'ono wake. Tikaganiza bwino, n'chimodzimodzi ndi zomwe makolo athu amati utumbidwa. Iwo anaona zoona: mwana amadwala mayi akatenga pathupi pena msanga. Koma chomwe chimamudwalitsa si pathupipo. Ndi kumuchotsa kubere mwadzidzidzi popanda chakudya cholowa m'malo mwa mkaka. Mayi woyembekezera angathe kupitiriza kuyamwitsa, mkaka wake suonongeka.

Za tsempho, lomwe anzathu achiyao amati ndaka, ndinene chinthu chimodzi. Banja likamatha masiku likufufuza yemwe walakwa pakati pa bambo ndi mayi, mwana amakhala akufooka. Za mwambo mungathe kukambirana bwino lomwe mwanayo ali kale m'manja mwa achipatala.

Masiku ano madokotala akudziwa kuti kutupikana sikubwera chifukwa chosowa zomanga thupi kokha. Kafukufuku wa ana amapasa a m'Malawi muno, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2013, anapeza kuti nthawi zina mapasa odyera m'mbale imodzi, mmodzi amatupa wina osatupa, ndipo tizilombo tokhala m'matumbo mwawo timasiyana. Kutsekula m'mimba pafupipafupi, chikuku ndi matenda ena zimathandizira. Koma chomwe sichinasinthe n'chakuti matendawa amakonda ana omwe chakudya chawo ndi chimanga kapena chinangwa chokhachokha.

Chifukwa chiyani nsima ndi msuzi sizikwanira?

Mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 3 amafuna magalamu a zomanga thupi pakati pa 10 ndi 13 pa tsiku. Sizambiri. Vuto ndi lakuti mimba yake ndi yaing'ono. Mwana wosakwana chaka amakhuta ndi chakudya chosaposa kapu imodzi ya tiyi. Mukadzaza kapuyo ndi phala lamadzimadzi, mwana wakhuta madzi.

Onani kusiyana kwa zomanga thupi m'magalamu 100 a zakudya izi:

Ufa wa kondowole: galamu 1 kapena 2
Ufa wa mgaiwa: pafupifupi magalamu 9
Nyemba zouma: pafupifupi magalamu 22
Mtedza: pafupifupi magalamu 25
Soya: pafupifupi magalamu 36
Nsomba zing'onozing'ono zouma: pafupifupi magalamu 60

Ufa woyera umachepa kuposa mgaiwa, chifukwa pokonola ndi poviika mphale timataya mtima wa chimanga ndi madeya, momwe muli mafuta ndi zofunika zina. Komanso zomanga thupi za m'chimanga n'zosakwanira: zimaperewera kachigawo kena kotchedwa lysine, komwe mwana amakafuna kuti akule. Nsomba ili nako kambiri. Choncho mukathira nsomba m'phala, ngakhale zomanga thupi za m'chimangamo zimayamba kugwira bwino ntchito.

Supuni imodzi yaikulu yodzaza bwino ya ufa wa usipa imalemera pafupifupi magalamu 10, ndipo imapereka zomanga thupi pafupifupi magalamu 6. Imeneyi ndi theka la zomwe mwana amafuna pa tsiku, mofanana ndi dzira limodzi. Kuonjezera apo, nsomba yaing'ono imadyedwa yonse, mutu, maso ndi minga. M'minga muli kashiamu wolimbitsa mafupa ndi mano. M'mutu ndi mumnofu muli ayironi woonjezera magazi, zinki, vitamini B12 ndi mafuta othandiza ubongo.

Nanga msuzi? Msuzi ndi madzi, mchere, tomato ndi fungo la nsomba. Zomanga thupi zimatsalira mumnofu. Mwana wodya nsima ndi msuzi wa chambo tsiku ndi tsiku sanadye chambo. Mantha a minga ndi oona, ndipo mayi woopa minga salakwa. Koma yankho lake si kumumana mwana nsomba. Yankho lake ndi mtondo ndi sefa.

Kapangidwe ka ufa wa nsomba

1. Sankhani usipa, utaka, kambuzi kapena matemba ouma bwino, opanda mchenga, chuku, mphutsi kapena fungo loipa. Musatenge nsomba zothiridwa mchere wambiri. Usipa wofutsa ndi wabwino chifukwa suwawa kwambiri.

2. Petani ndi kuchotsa zinyalala. Ngati nsombazo zili ndi fumbi, zitsukeni mwachangu ndi madzi aukhondo n'kuziyanikanso pathandala mpaka ziume gwa. Mitu musachotse.

3. Kazingani pachiwaya kapena paphale popanda mafuta, pamoto wochepa, mpaka zizithyoka mosavuta. Musapsereze. Kukazinga kumapha tizilombo ndipo kumachititsa kuti minga isinjike bwino.

4. Zikazizira, sinjani mumtondo wouma ndi wotsuka bwino. Sefani ndi sefa wa ufa. Zotsalira pamwamba pa sefa zibwezereni mumtondo, musinjenso mpaka zonse zidutse. Gwirani ufawo ndi zala kuti muone ngati mulibe kobaya.

5. Sungani m'botolo louma lotsekeka bwino, pamalo osafika dzuwa ndi chinyezi. Sinjani wongokwanira masabata awiri, chifukwa mafuta a nsomba yosinja amaonongeka msanga. Nsomba zosungira nthawi yaitali zikhale zathunthu, ndipo muziziyanikanso padzuwa nthawi ndi nthawi. Ufa ukasintha fungo kapena ukaumbika, utayeni.

Inu a kunyanja muli ndi mwayi wina womwe a ku Mayani alibe: nsomba yaiwisi. Wiritsani chambo, kampango kapena mcheni mpaka ipse bwino. Sambani m'manja ndi sopo, tengani mnofu, ufinyeni ndi zala pang'onopang'ono pofufuza minga, kenako upoteni ndi supuni n'kusakaniza m'phala kapena m'mbatata yophika. Kampango ndi wosavuta chifukwa alibe minga ing'onoing'ono yambiri.

Kadyetsedwe ka mwana molingana ndi msinkhu

Kuyambira pobadwa mpaka miyezi 6, mwana ayamwe bere lokha basi. Asapatsidwe madzi, phala, dawale kapena mankhwala azitsamba. Mkaka wa m'mawere uli ndi zonse zomwe akufuna, ndi madzi omwe. Pa nthawi imeneyi nsomba adye ndi mayi, kuti akhale ndi mphamvu zoyamwitsa. Amayi omwe akumwa ma ARV nawonso amayamwitsa, potsatira malangizo a kuchipatala.

Miyezi 6 mpaka 8: pitirizani kuyamwitsa, ndipo yambani phala kawiri kapena katatu pa tsiku. Yambani ndi masupuni 2 kapena 3 pa nthawi imodzi, n'kumaonjezera mpaka theka la kapu. Ufa wa nsomba yambani ndi kasupuni ka tiyi kamodzi, kuti mwana azolowere.

Miyezi 9 mpaka 11: adye katatu kapena kanayi pa tsiku, theka la kapu nthawi iliyonse. Pakati pake mupatseni nthochi, papaya, mango kapena mbatata yophika. Ufa wa nsomba ufike supuni yaikulu imodzi pa tsiku.

Miyezi 12 mpaka 23: adye katatu kapena kanayi, kufikira kapu yodzaza, kuphatikizapo chakudya cha banja lonse chophwanyidwa bwino. Ufa wa nsomba supuni imodzi kapena ziwiri pa tsiku. Bere lipitirire mpaka zaka 2 kapena kuposerapo, pakuti ngakhale m'chaka chachiwiri mkaka wa mayi umaperekabe gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zomwe mwana amafuna.

Phala labwino ndi la mgaiwa, lolimbirako, losayenderera mukapendeketsa supuni. Thirani ufa wa nsomba phala lili pamoto, liwire nawo kwa mphindi zingapo. Onjezerani nsinjiro kapena kasupuni ka mafuta ophikira, ndi masamba osinja monga bonongwe, nkhwani, chisoso kapena chammwamba. Mchere ukhale wochepa kwambiri. Mwana akakana tsiku loyamba, musagwe ulesi. Chepetsani muyezo, yesaninso mawa. Ana ambiri amazolowera.

Mwana akhale ndi mbale yakeyake, ndipo munthu wamkulu akhale naye pafupi pomwe akudya. Pa mbale imodzi ndi akulu ake, wamng'ono amangonyambita zala ndiwo zitatha kale. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a mu 2023, linanena kuti mwana wa miyezi 6 mpaka 23 azidya chakudya chochokera ku nyama tsiku lililonse. Kwa ife a m'Malawi, njira yapafupi yokwaniritsira zimenezi ndi nsomba zing'onozing'ono.

Nanga nsomba zikasowa?

Msodzi aliyense amadziwa kuti nyanja sipatsa chaka chonse. Pali miyezi ya mwera pomwe mabwato amakhala kumtunda. Pali nyengo yotseka nyanja yomwe imayamba mu Novembala. Pali nyengo ya dzinja pomwe nsomba zimaola pathandala chifukwa chosowa dzuwa. Ndipo miyezi ya Januwale mpaka Malichi ndi yomwe ana ambiri amanyentchera, chifukwa chimanga chatha m'nkhokwe, malungo ndi kutsekula m'mimba zachuluka, ndipo amayi amatandala kumunda.

Choncho pomwe usipa wafa wambiri ndi wotsika mtengo, patulani chidebe chimodzi cha mwana musanagulitse. Chiumitseni bwino, chisungeni pouma, ndipo banja lonse ligwirizane kuti chimenechi si cha geni.

Apa ndi pomwe tingaphunzire kwa anzathu a ku Mayani. Iwo ali ndi soya, mtedza ndi nyemba. Phala la Likuni, lomwe linatenga dzina kuchokera kuchipatala cha mishoni cha Likuni ku Lilongwe, mungathe kulipanga pakhomo: makapu 4 a chimanga chosakonola ndi kapu 1 ya soya wokazinga, n'kugayitsa pamodzi. Soya ayenera kukazingidwa kapena kuwiritsidwa kaye, chifukwa wamuwisi sagayika bwino m'mimba. Nyemba ziphikeni zipse kwambiri, chotsani makoko, n'kuzipota. Dzira lowiritsa ndi labwino kwa mwana kuyambira miyezi 6. Zoti mazira amayambitsa khunyu kapena kuchedwetsa mwana kuyankhula si zoona.

Amayi a geni omwe mumakwera ndi nsomba kumisika ya kumtunda, pobwerera musangotenga zitenje ndi ziwiya. Gulaniko soya ndi mtedza nthawi yokolola pomwe zili zotchipa. Koma mtedza usankheni bwino. Wovunda, wofota kapena wachuku uli ndi poizoni wotchedwa aflatoxin yemwe amaononga chiwindi, ndipo satha ngakhale muukazinge. Chizolowezi chogulitsa mtedza wabwino n'kusiya wotsalira kuti ukhale nsinjiro za pakhomo n'choopsa kwa ana.

Chakudya chimagwira ntchito m'thupi lopanda matenda

Mwana wotsekula m'mimba ali ngati bwato lobooka: zomwe mukuthiramo sizikhalitsa. M'madoko ambiri anthu ndi ochuluka, zimbudzi n'zochepa, ndipo madzi akumwa amatungidwa m'nyanja momwemo. Tonse tikukumbukira mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, womwe unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo unavuta kwambiri m'maboma a m'mphepete mwa nyanja. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe kolorini. Sambani m'manja ndi sopo musanakonze chakudya cha mwana, musanamudyetse, mukachoka kuchimbudzi ndiponso mukamusintha thewera. Phala logona musamupatse osalitenthetsanso mpaka liwire.

Mwana akadwala musasiye kumuyamwitsa kapena kumudyetsa. Mupatseni pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndipo akachira muonjezereni chakudya kamodzi pa tsiku kwa masabata awiri. Pitani naye kusikelo mwezi uliwonse, alandire katemera yense, vitamini A ndi mankhwala a njoka zam'mimba. Mzere wa m'buku la kusikelo ukaleka kukwera, funsani alangizi a zaumoyo tsiku lomwelo.

Zizindikiro zothamangira kuchipatala

Dinikizani ndi zala zanu zazikulu pamwamba pa mapazi onse awiri a mwana, muwerenge mpaka katatu, n'kuchotsa. Pakatsala dzenje m'mapazi onse awiri, mwanayo watupikana. Alangizi a zaumoyo alinso ndi kalamba koyezera mkono. Kakaonetsa kufiira, kutanthauza kuti mkono sukukwana masentimita 11.5, mwana wanyentchera kwambiri. Kakaonetsa chikasu, ngozi yayandikira. Zizindikiro zina ndi kukana kudya, kufooka, khungu losupuka, zilonda za m'kamwa ndi kutsekula m'mimba kosaleka.

Chonde dziwani ichi: ufa wa nsomba ndi woteteza, si mankhwala a mwana yemwe watupa kale. Thupi la mwana wotere ndi lofooka kwambiri, ndipo kumudyetsa zakudya zolemera mwadzidzidzi kungamuonjezere vuto. Kuchipatala, odwalika kwambiri amawayamba ndi mkaka wapadera pang'onopang'ono. Omwe akutha kudya amalandira chiponde n'kumachirira kunyumba. Njira yochiritsira ana kumudzi imeneyi inayesedwa ku Dowa mu 2002, ndipo Boma linaivomereza mu 2006. M'zipatala za Boma chithandizochi ndi chaulere. Chiponde ndi mankhwala a mwana wodwalayo, si chogawana ndi abale ake kapena chogulitsa padoko.

Udindo wa abambo ndi makomiti

Nkhani ya phala si ya amayi okha. Nsomba ikatsika m'boti imakhala m'manja mwa abambo. Eni zida ndi alovi, ndiwo zomwe mumagawana mukatuluka m'madzi zifike kunyumba, zisathere pa kachasu ndi pa bawo. Mukamasamukira kudoko lina kutsata nsomba kwa mwezi wathunthu, siyani pakhomo nsomba zouma ndi ndalama za ana. Pachakudya, mutu wa chambo ukhale wa bambo monga mwa chizolowezi, koma mnofu wofewa uyambe wapatulidwa wa wamng'ono.

A komiti ya BVC, pali zinthu zinayi zomwe zili m'manja mwanu.

Choyamba, kayanikidwe. Nsomba yoyanikidwa pamchenga singakhale chakudya cha khanda. Limbikitsani matandala okwera, ndipo komwe kuli nyumba zoumitsira nsomba ndi dzuwa, monga m'madoko ena a ku Salima ndi Mangochi, zigwiritsidwe ntchito ndi kusamalidwa.

Chachiwiri, mankhwala. Ena amathira mankhwala ophera anankafumbwe kapena tizilombo ta m'munda pa nsomba zouma kuti zisafumbwe. Mayi wogula kamulu ku Mayani alibe njira yodziwira zimenezi. Letsani khalidweli padoko lanu.

Chachitatu, maukonde a udzudzu. Neti ikapita m'madzi, banja laluza kawiri: mwana wagona pamtunda n'kudwala malungo, ndipo tiana ta nsomba tomwe tikanakhala ndiwo za chaka chamawa taphedwa. M'zaka za m'ma 1970 Mmalawi mmodzi ankadya nsomba pafupifupi makilogalamu 14 pa chaka. Pofika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000 zinatsika mpaka kuchepera makilogalamu 6, chambo chitasowa ndipo anthu atachuluka. M'zaka zotsatira usipa ndi womwe wakhala ukuchuluka kuposa nsomba ina iliyonse yophedwa m'nyanja yathu. Tikauononga uli waung'ono, palibe nsomba ina yotchipa yodzalowa m'malo mwake. Ufa wa mwana sufuna bonya. Usipa wokhwima umasinjika bwinobwino.

Chachinayi, misonkhano. Pa msonkhano wanu wotsatira itanani mlangizi wa zaumoyo ndi amayi a ma care group a m'mudzi mwanu. Bweretsani mtondo, sefa, poto ndi mbale imodzi ya usipa, mupange ufa ndi kuphika phala anthu akuona, abambo ndi agogo ali pomwepo. Ana alawe. Funsaninso alangizi kuti ayeze ana onse a padoko, makamaka a mabanja obwera omwe sadziwika kusikelo ya m'deralo.

Mayi wa ku Mayani uja ndinakumana nayenso patapita miyezi ingapo, pa tsiku lokolola damu. Mwana anali akuyenda yekha, tsitsi litayamba kuda. Mayiyo anandionetsa kabotolo ka ufa wa usipa komwe amasunga padera. Anati akagula kamulu, amayamba wapatula ka mwana asanateleke ndiwo za banja. Ndalama zomwe amagwiritsa ntchito pa ndiwo ndi zomwe zija, chasintha ndi kagawidwe basi.

Iye amagula usipa ndi ndalama, utayenda ulendo wautali kukwera mapiri. Inu muli nawo pakhomo. Madzulo ano, musanamange mabasiketi opita kumsika, tapani mbale imodzi ya mwana.